Ndinaumba Mdyamaina Kawiri

Ntchito imeneyi inandipeza ndili pa msika wa pa Boma, nditakhala kumbuyo kwa miphika yanga. Kwathu ndi kwa Kanduku, ndipo kuumba ndinaphunzira kwa azakhali anga nditasiya sukulu ku pulayimale. Nthawi imeneyo bambo ake a Tadala anali atapita ku Tete kukafuna ganyu, foni yawo n'kusiya kugwira. Tadala anali atangoyamba kuyenda. Kuti asamalowe m'miyendo ya anthu, ndinkamuumbira timbuzi ndi ting'ombe ta dothi lotsala, n'kutiotchera limodzi ndi miphika.

Tsiku lina panaima bambo wina wa malaya oyera, beji ili pakhosi. Miphika sanaiyang'ane n'komwe. Anawerama n'kutola kambuzi ka mwana.

"Waumba aka ndani?"

"Ndine, bambo. Koma n'ka mwana, sikogulitsa."

"Epa! Mpaka ndevu? Nanga munthu mungamuumbe, wamfupi ngati chala ichi, atagwira mkondo?"

Ndinabweza miyendo. "Wa chiyani munthuyo? Za mankhwala ine ayi, ndimaimba kwaya."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati dzina lawo ndi a Zuze, amagwira ntchito yotulutsa katundu wa mathiraki kuboda, ndipo ndikabwere Loweruka masana ndidzaone ndekha.

Ndinapita ndi kabaza, Tadala kumbuyo. Kuseri kwa resiti hausi ina kunali khonde lalikulu, tebulo lalitali, ndi anthu akuluakulu asanu atazungulira chinsalu chojambulidwa mabokosi ngati a drafti. Panali a Zuze, anamwino a ku chipatala otchedwa a Nachisale, mphunzitsi wina, dalaivala wina, ndi eni malowo, a Likongwe. Masewera ake ndi otere. A Zuze amasimba nthano ya dziko limene analipeka okha, la mapiri ndi mizinda yake. Ena onsewo aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo amanena chimene munthuyo achite. Wina akati "ndimulasa," amaponya dayisi ya mbali makumi awiri, yooneka ngati nthudza yosemedwa. Ikagwa nambala yaikulu walasa, ikagwa yaing'ono waphonya. Tsiku limenelo asilikali awo anali zotsekera mabotolo, chilombo chinali botolo la mchere. N'chifukwa chake ankandifuna.

Ndinaona bambo wa ndevu zake akukuwa chifukwa botolo la mchere lamuluma. Ndinati apa palibe ufiti, pali misala yokha, ndipo misala imeneyi ikhoza kugulira mwana wanga sopo.

Kuumba tianthu si kuumba mphika. Dothi lake ndi lomwelo la kumtapo, koma umalinyika mpaka lisungunuke, n'kulisefa pa neti yakale ya udzudzu kuti pasatsale kamwala kapena kamuzu. Kenako umasinja mapale akale, kusefanso, n'kusakaniza pang'ono kuti lisang'aluke pa moto. Zipangizo ndinadzipangira ndekha: sipoko ya njinga yonoledwa pa mwala yotemera maso ndi zala, kansungwi kopyapyala kosalazira, nthenga ya nkhuku yopakira madzi polumikiza mkono ndi phewa, ndi kamwala ka kumtsinje kokulungizira. Kamunthu kalikonse kamaima pa phazi lozungulira lofanana ndi chotsekera botolo, kuti kakwane m'bokosi limodzi la pa nsalu ija. Kuumitsa ndi pansi pa bedi, osati pa dzuwa. Kuotcha ndi m'kati mwa mphika wovundikira, chifukwa moto ukatinyambita mwachindunji timikondo timaduka. Ukafuna takuda umathira utuchi mumphikamo. Ukafuna tofiira umapaka katondo tisanapse.

Toyambirira tinaphulika tonse. Tachiwiri tinatuluka mitu itagwa. Pofika nyengo ya manachesi ndinali nditaumba asilikali, afisi a mapiko, ng'ona ya mitu iwiri, ndi munthu wa aliyense wa pa tebulo lija. Ntchitoyo inandichotsa m'nyumba yodontha n'kundilowetsa m'chipinda cha malata. Loweruka lililonse ndinkakhala pakona pa khonde, n'kumamata zothyoka, Tadala akusewera pa mkeka.

Wovuta anali wa a Likongwe. Anali msilikali wa chishango ndi mkanjo, amene anamusewera zaka zingapo ine ndisanabwere, ndipo ankamukonda ngati mwana wawo woyamba. Anandibweza naye kangapo. "Chifuwa chachepa." "Mphuno iyi ndi ya munthu wosauka." Mpaka anagula utoto wagolide ku Blantyre woti ndipake mkanjowo. Dzina la msilikaliyo sindilemba pano. Mumva chifukwa chake.

Pa tebulopo panabadwa mwambo wina. Osewera ankadandaula kuti a Zuze akamaponyera chilombo amakondera. Tsiku limene ndinabweretsa ng'ona ija, dalaivala anati, "Aponye amake Tadala. Ng'ona ndi mwana wawo, ndipo iwo alibe mbali." Ndinaponya, anthu anaseka, ndipo zinakhazikika: chilombo chachikulu chikamatuluka koyamba, wochiumba ndiye amasankha woti chimumenye, ndiyenso amaponya. Mwambo wina, wa tsiku lomwelo, unali woti munthu wa m'nthano akafa, kadothi kake kamabwerera kwa ine.

Kenako a Zuze anandiitanira pambali. Anati nthano yonse ya zaka zija ikupita kwa mdani mmodzi, Mdyamaina. Bambo ake anali mulungu wina wa m'mitambo, mayi ake mkazi wamba wotunga madzi. Atabadwa, akumwamba anati ndi munthu, sitimupatsa dzina. Apansi anati ndi mulungu, tikuopa kumutcha. Anakula wopanda womuitana, ali ndi mphamvu ya bambo ake ndi njala ya mayi ake. Ndiye anayamba kudya maina a ena. Akadya dzina lako sufa ngati anthu ena. Umangozimirira, mayi ako omwe n'kumadutsa pa manda ako osadziwa kuti muli ndani. Anali atameza kale mizinda yathunthu.

"Akhale wamtali ngati dzanja lanu lonse," anatero a Zuze. "Manja anayi. Kumaso kopanda pakamwa. Pakamwa pakhale pachifuwa."

Ndinamuumba pang'onopang'ono. Mbali imodzi ndinaikulungiza mpaka kunyezimira, inayo ndinaisiya ya nthiti zoonekera. Pansi ndinaboola ndi sipoko kuti nthunzi idzapeze potulukira, chifukwa chinthu chokhuthala chotero chimaphulika. Ndinaonjezera changa chimodzi chimene a Zuze sananene: mchombo wosadulidwa, wozungulira m'chiuno ngati lamba. Ndinkaganiza kuti mwana amene anakanidwa dzina, panalibenso womudula mchombo bwinobwino.

Atauma, ndinapita naye wosaotcha kuti a Zuze amuone, poti chopsa sichikonzekanso. Ndinafika msanga. Pa khonde panali a Likongwe okha. Ndinamuimika pakati pa tebulo, ndinakhazika Tadala pa mkeka, n'kuzungulira pakona kukanyowetsa kansalu pa mpope. Sabata imeneyo Tadala anali atangobooledwa makutu, muli ulusi.

Pobwerera ndinaona ndi maso angawa. A Likongwe anali atanyamula Mdyamaina ndi mkono umodzi ngati nkhuku, akumuzunguza. Mkono unatsala m'manja mwawo, thupi linagwa pa simenti. Anayang'ana uku ndi uku. Panthawi yomweyo geti inalira, a Zuze akulowa. A Likongwe anaponya mkono uja pansi, anadumphira pa mkeka, n'kumugwira Tadala khutu, kumukokera pa zidutswa zija.

"Taona zimene wachita, kamwana kopanda mwambo iwe!"

Ulusi unang'amba khutu. Kulira kwake sindikufuna kukulemba.

Ndinamulanda. Magazi anali pa phewa langa. Ndinati, "Bambo, mwanayu pa tebulo safika."

"Ukunditcha wabodza pa khonde langa, iwe?"

Anali asananditchulepo iwe. A Zuze anayang'ana zidutswa, anayang'ana eni khonde, n'kuyang'ana pansi. "Amake Tadala, muumbenso. Koma mwana muzimusiya kunyumba. Zikachitikanso tidzangoitanitsa a pulasitiki kwa madalaivala a ku Joni."

A Nachisale atafika anatsuka khutulo n'kumata. Anandifunsa motsitsa mawu chimene chachitika. Ndinati mwana wavulala, basi. Ndinasesa zidutswa zonse, ngakhale fumbi, n'kumanga pa chitenje.

Anthu amati ndine wofatsa. Si kufatsa. Woumba amazolowera kudikira, chifukwa ukafulumira kuika chinthu pa moto chimakuphulikira. Khutu linapola, koma linatsala ndi mpata ngati la mbuzi yoikidwa chizindikiro. Tikadutsa pafupi ndi geti ija, Tadala ankabisa nkhope kumsana kwanga. Nthawi iliyonse pomusambitsa, chala changa chinkapeza mpata umenewo.

Dothi losaotcha silifa. Zidutswa zija ndinazinyika m'beseni, zinasungunuka, ndinakandanso. Mdyamaina wachiwiri anatuluka m'dothi la woyamba. Uyu ndinamukulitsa pakamwa, n'kumutema mano ndi singano, limodzilimodzi. Ndinamuotcha m'mawa kulibe mphepo, mumphika waukulu wodzaza utuchi, nkhuni za mthethe pansi ndi pamwamba. Ndinamusiya kuzizira momwemo osavundukula. Anatuluka wakuda bii, ndipo nditamugogoda ndi chikhadabo analira ngati belu.

Tsiku lake linali Loweruka lotentha la mu Okutobala, mathiraki atandandalikana kuchokera kuboda mpaka kutali. Tadala ndinamusiya kwa mnansi. A Zuze anandidikirira pa geti.

"Tamverani, amake Tadala. Lero mukuponya ndinu. Menyani aliyense, koma wa a Likongwe musamumalize. Khonde ndi lawo, tebulo ndi lawo. Akakwiya masewera atha, ndipo ntchito yanu yathera pomwepo. Mwamva?"

"Ndamva."

Ndinamuvundukula pa tebulo. Dalaivala anavula kapusi. Mphunzitsi anati, "Mayi, usiku mumagona naye m'nyumba ameneyu?" A Likongwe anaseka mokweza kuposa onse. "Ameneyu ndi wanga. Lero mutu wake ndiukoloweka pa geti."

A Zuze anasimba za phiri la mafupa, mphepo yonunkha, ndi mawu otuluka pachifuwa akuitana aliyense ndi dzina la ubwana wake. Nkhondo inayamba. Ndinaona kuti a Likongwe, ndi pakamwa ponse paja, msilikali wawo anamusiya kumbuyo kwa mwala, akukankhira anzawo kutsogolo. Sindikanamufikira. Ndinamenya wa dalaivala. Dayisi inagwa nambala yaing'ono.

"Dzanja la miphika limenelo!" anatero a Likongwe. "Bwererani ku msika, mayi!"

Ndinaseka nawo. Ulendo wotsatira ndinagwetsa wa mphunzitsi, a Nachisale n'kumudzutsa ndi mankhwala a munthu wawo. Osewerawo nawonso ankandimenya. Mkono umodzi wa Mdyamaina unadulidwa m'nthanomo, kenako wachiwiri. A Zuze ankachotsera mphamvu zake ndi pensulo. Ndinayamba kuganiza kuti afa ndisanafike pamene ndinkafuna, ndipo ndibwerera kunyumba ndi ntchito yanga ndi mpata uja pa khutu, zonse zili momwemo.

Kenako a Zuze anati, "Wagwada bondo limodzi. Watsala pang'ono."

Pomwepo a Likongwe anatulutsa msilikali wawo kuseri kwa mwala. "Patukani nonse! Womaliza ndine." Anamuimika maso ndi maso ndi Mdyamaina, mkanjo wagolide ukung'anima. Anapukusa dayisi m'manja awiri, anaiuzira, n'kuponya. Inagwa pa ziwiri.

Dalaivala anagwa pa mpando ndi kuseka. Kenako onse anatembenukira kwa ine.

A Zuze anaika nsonga ya pensulo pafupi ndi kamunthu ka a Nachisale, n'kugogoda pang'ono. Ndinaona. Ndinaganiza za chipinda cha malata, ndi za mvula imene inali pafupi. Ndinaganiza bwinobwino, sindinali woledzera ndi mkwiyo. Ndinagwira Mdyamaina m'chiuno n'kumutembenuzira kwa wa mkanjo wagolide.

"Uyu."

Dayisi inagubuduka, inagunda botolo, n'kuima pa nambala yaikulu. A Zuze anawerengera, anabwerezanso, ngati akufuna kuti manambala awachitire chifundo. "Wagwa," anatero. "Tsopano Mdyamaina ali ndi njira ziwiri. Akhoza kumuponya m'dzenje, anzake n'kudzamupulumutsa. Kapena akhoza kudya dzina. Amake Tadala, dzenje lilipo. Lalikulu bwino."

"Akadya dzina zimatha bwanji?"

"Sabwereranso. Mankhwala sagwira. Ndipo pa tebulo pano dzina lake silitchulidwanso."

A Likongwe anamwetulira. "Mayi, mayi. Ndi masewera awa, tisatengerane kumtima. Kodi kamwana kaja kali bwanji? Ndidzakagulira ndolo zokongola, za ku Tete."

Mpaka pamenepo dzenje lija linali lidakali m'mutu mwanga. Atatchula ndolo, linatsekeka.

"Ndolo azikoloweka pati, bambo? Khutu munang'amba."

A Nachisale anawayang'ana a Likongwe nthawi yaitali, kenako n'kuyang'ana ine.

Ndinati, "Adye."

Lamulo limapereka mwayi umodzi: mwini munthu amaponya yekha kuti dzina likane kudyedwa. A Zuze anapatsa a Likongwe dayisi. Dzanja lomwe lija linagwira khutu la mwana wanga ndi limene linaponya. Sindinayang'ane dayisi, ndinayang'ana nkhope yawo, ndipo ndinadziwira pomwepo.

A Zuze anasimba mwachidule, mawu ali pansi. Chifuwa chinatseguka, mphepo inakoka, ndipo anzake anaona mkanjo uli pansi osadziwa kuti unali wa yani. Mphunzitsi anafuna kunena kuti pepani, anayamba kutchula dzina lija, dalaivala n'kumugwira pakamwa. "Aphunzitsi, mukunena ndani? Kuno kunalibe munthu wotero."

Ndinatambasula dzanja, ndinatola kamsilikali kaja monga mwa mwambo, n'kukamanga pa mfundo ya chitenje.

"Bweretsa kuno! Utoto umenewo ndinagula ndine!"

"Mwambo, a Likongwe," anatero a Nachisale. "Munauvomera nokha tsiku la ng'ona."

A Likongwe anaimirira, mpando unagwa. Anakoka nsalu ija, tianthu tonse mbwee pansi. Mdyamaina ndinamuwakha asanagwe. "Chokani pa khonde langa! Nonse! Ndi zidole zanu za ufitizo!"

A Zuze anandiperekeza mpaka pa msewu. Pafupi ndi okwera kabaza anati, "Ndinakuuzani."

"Munandiuza."

"Zaka zonsezi, nthano yathera panjira. Sanafe n'komwe mdaniyo."

"Tsiku lija munaona kutalika kwa tebulo, a Zuze. Munaonanso kutalika kwa mwana wanga."

Ndinawapatsa Mdyamaina, poti anali wawo. Anamulandira ndi manja awiri, n'kubwerera.

Ntchito inathera pomwepo, monga ananenera. Anayesa kukumana kwa a Nachisale kangapo, koma nyumba inali yaing'ono, dalaivala anasinthidwa njira, ndipo zinazirala. Mvula isanathe ndinatuluka m'chipinda cha malata n'kubwerera kwa azakhali kwa Kanduku. Chaka chimenecho chinali chowawa. Ndinalima mtedza m'munda wa eni, ndipo miphika ndinkapita nayo pa Boma pamutu, Tadala kumbuyo. A Likongwe sanapepese. Tikakumana pa msika amayang'ana manachesi.

Kamsilikali kaja ndinakasinja mumtondo, golide ndi chishango chomwe, ndinasefa, n'kusakaniza ndi dothi latsopano. Ndinaumba kambiya kokamwa kwakukulu kamene Tadala ankakodzeramo. Kanali kolimba kwambiri.

Manja sanaiwale. Lero ndimaumba tinyama ndi tianthu ta m'khola la Khirisimasi, ndipo a mipingo amaitanitsa. Amene akufuna kuphunzira ndimawauza za neti, za utuchi, za kabowo ka nthunzi. Ndimawauzanso ziwiri zimene ndinatenga pa khonde lija. Chosaotcha sichituluka pakhomo panga, wofuna kuona abwere. Ndipo ndisanagwire dothi la munthu ndimanena poyera kuti ndili ndi mwana, pamene ndakhala ine akhalanso iye. Wokana, akagule pulasitiki.

Ena amandifunsa ngati kunali koyenera kutaya denga la malata chifukwa cha kamunthu ka dothi. Mtengo ndinauzidwa pa geti, ndisanakhudze dayisi, ndipo ndinalipira wonse ndekha. Atandipatsanso dayisi ija lero, ndikhoza kungopempha chinthu chimodzi: Tadala akhale pamiyendo panga, aone.